Za msewu wa 405 ndi milatho yake 18

Achimwene,

Kuno ku Orange County, ku California m'dziko la America, tili bwino, kaya inu ndi a kunyumba. Munafunsa kuti ntchito yokulitsa misewu yafika pati, komanso chimene chimachedwetsa msewu umene uli kale ndi phula. Chochedwetsa si phula ayi, ndi milatho ndi zinthu zimene zinakwiriridwa pansi kalekale.

Ntchito ya pa msewu waukulu wa I-405 inatha. Anayamba kumayambiriro kwa 2018 ndipo mizere yolipira inatsegulidwa pa 1 December 2023. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 26, kuchokera pamene I-405 ikumana ndi msewu wa SR-73 ku Costa Mesa, kudutsa Fountain Valley, Westminster ndi Seal Beach, kukafika pa I-605. Poyamba ankati idya madola 1.9 biliyoni, koma pomaliza inafika 2.16 biliyoni. Gawo lalikulu linachokera ku msonkho wa theka la senti pa dola iliyonse yogulira katundu, umene anthu anauvomereza pa voti mu 1990 n'kuuvomerezanso mu 2006. Ina inali ngongole ya madola 629 miliyoni ya ku boma lalikulu, yobweza ndi ndalama za mizere yolipira. Mwini ntchito ndi OCTA, bungwe loona za mayendedwe kuno ku Orange County.

Mukamva zimene anawonjezera mungaseke: mzere umodzi waulere mbali iliyonse kuchokera pa Euclid Street kukafika pa I-605, ndi mzere wina umodzi umene anauphatikiza ndi wakale wa magalimoto onyamula anthu angapo, kuti ikhale iwiri yolipira. Koma mzere uliwonse ndi mamita 3.6 m'lifupi, ndipo nsanamira za milatho yodutsa pamwamba zinaima ndendende pamene mizere yatsopano imayenera kudutsa. Nsanamira simungaisunthe. Ndiye milatho 18 inayenera kugwa ndi kumangidwanso yaitali.

Kumanganso mlatho kuli pawiri. Ina, monga wa McFadden Avenue umene unayamba kugwa mu 2018, amaitseka yonse, n'kuigumula, n'kumanga watsopano. Pa pulani zimatenga pafupifupi chaka. Ina yodutsa magalimoto ambiri, monga wa Westminster Boulevard, amaigumula theka, anthu n'kumadutsa pa theka lotsalalo, kenako n'kusinthana. Apa pa pulani zimayandikira zaka ziwiri, chifukwa chilichonse chimachitika kawiri ndipo makina amagwira mopanikizika. Kwa ine, pamene pali njira ina yozungulira, bola kutseka kamodzi anthu adandaule chaka chimodzi basi. Koma milatho iwiri yoyandikana saitseka nthawi imodzi, poti wina ndiwo pothawira pamene mnzake wagwa. Ndiye wina ukachedwa miyezi itatu, woyandikana nawo umadikiranso miyezi itatu usanakhudzidwe n'komwe. Kuchedwa kumapatsirana choncho.

Kugumulako n'kwa usiku. Amatseka msewu waukulu, n'kuthira dothi lochindikala pansi pa mlatho kuti zibuma za konkire zikamagwa zisaswe msewu. Makatapila okhala ndi nyundo amaphwanya, ena amadula zitsulo, malole amatuta, ndipo kukamacha msewu uyenera kukhala wosesedwa ndi wotseguka. Pa ntchito zotere kontalakitala akachedwa kutsegula amalipitsidwa, n'chifukwa chake amasunga makina ena pambali ngati ena awonongeka.

Koma nyundo isanagunde, mapaipi a madzi, a gasi ndi mawaya a magetsi ndi a intaneti amene amadutsa m'mimba mwa mlatho ayenera kusamutsidwa, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake amene ali ndi ndondomeko yakeyake. Mapu akale amanama. Paipi imene pa pepala ili kumanzere mumaipeza pakati pa dzenje la maziko. Ochenjera amayamba akumba timaenje toyesera kuti aione ndi maso. Nthakanso ya kufupi ndi nyanja ndi yofewa ndipo madzi ali pafupi, kotero maziko amakhala pa zipilala zokhomera pansi kwambiri, poganiziranso zivomezi. Dothi lokwezera msewu wopita pa mlatho amalisiya kaye likhazikike. Mukalifulumira limatitimira pambuyo pake, ndipo galimoto imadumpha polowa pa mlatho. Mu 2019 anakumbanso mafupa a anthu a mtundu wa eni dziko akale, ndipo ntchito pamalo amenewo inaima, monga lamulo la California limanenera, kufikira akuluakulu ndi a mtunduwo atagwirizana zochita.

Mizere yolipirayo musaiganizire ngati tolgeti ya pa Chingeni. Palibe poima, palibe wolandira ndalama. Pagalasi la kutsogolo mumamata kachipangizo ka FasTrak, ndipo makina a pamwamba amakawerenga mukuthamanga. Mtengo umasintha ndi ola komanso tsiku. Mukakhala atatu kapena kuposa m'galimoto simulipira, koma pokhapokha muli ndi FasTrak Flex, kachipangizo kokhala ndi kabatani kosonyeza chiwerengero cha okwera, ndipo mwaika kabatani kake pa 3. Ambiri amaiwala kabataniko n'kumadabwa ndi bilu.

Kummwera, pa I-5, ntchito inayamba mu 2019 pa makilomita opitirira pang'ono 10, kuchokera pa SR-73 kukafika pa El Toro Road, ndipo anaigawa patatu. Kumeneko mutu unali pa ma interchange, malo olowera ndi kutulukira pa msewu waukulu, a Avery Parkway ndi La Paz Road. Pamenepo zinthu n'zotembenuka: msewu waukulu ndiwo uli pamwamba, wa m'tauni uli pansi. Ndiye mlatho wogumulawo ndi umene wanyamula I-5 yeniyeniyo. Amayamba amanga chigawo chatsopano m'mbali, n'kukankhira magalimoto kumeneko kuseri kwa zotchinga za konkire, n'kugumula chigawo chakale, n'kubwerezanso. Kusuntha kulikonse kumafuna kufufuta mizere yakale ndi kujambula ina usiku umodzi, ndipo ikafufutika mosakwanira, dzuwa likapendeka kapena kukagwa mvula woyendetsa amaona mizere iwiri. Ngozi zina za pamalo antchito zimayambira pa zazing'ono zotere. SR-55, pakati pa I-405 ndi I-5, anaiyamba mu 2022, ndipo kumeneko malo ndi ochepa chifukwa mabizinesi a ku Santa Ana ndi Tustin anamanga mpaka pa mpanda wa msewu.

Mwina mufunsa ngati mdipiti unatha. Unachepa, koma madzulo mizere yaulere imadzazabe, poti msewu ukatakasuka, amene ankazemba amabwerera. Imene imayenda mosadodoma ndi yolipira ija, chifukwa mtengo ndiwo umachepetsa olowa.

Mundilembere za misewu ya mizere isanu ndi umodzi ya ku Lilongwe, makamaka mmene anachitira ndi mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Costa Mesa.