Kuthokoza ofesi yoona zokopa alendo

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ndikulemba m'malo mwa gulu lathu la operekeza alendo m'phiri ndi m'nkhalango, kuthokoza chifukwa cha mmene ofesi yanu inatilandirira titabwera kudzapempha chiphaso. Chiphasocho chili m'manja tsopano, ndipo mtima wanga wakana kukhala chete.

Tinabwera titamangiratu mtima kuti tibwezedwa, chifukwa kwina konse kumene tinadutsa ndi nkhani yomweyi tinachokako ndi misozi. Kwina ankangoti bwerani mawa, mawalo n'kusanduka miyezi. Kwina bwana wosainira anali kumsonkhano nthawi zonse. Kwina fayilo yathu inasowa, tinayambanso, n'kusowanso. Mnyamata wina wa pawindo anatiuza osaphethira kuti pepala siliyenda lokha, limafuna kolikankhira. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti anyamata athu ena anatopa kudikira, n'kubwerera kukaotcha makala m'nkhalango yomweyo imene alendo amabwera kudzaona. Wochedwetsa pepala sadziwa kuti akugwetsa mitengo.

Kwanuko tinapeza mayi wina pa desiki yolandirira mafomu. Dzina lawo sindilemba poopa kuwachititsa manyazi, koma inu mukuwadziwa. Tinali ndi agogo athu, bambo amene amadziwa kanjira kalikonse ka m'phirimo ndipo mbalame amaizindikira ndi kulira kokha, koma sukulu sanapite nayo patali. Mayiwo atawaona ataima motsamira ndodo, anadzuka n'kuwapatsa mpando wawo womwe, iwo n'kukoka kabenchi. Anawawerengera funso lililonse m'chiyankhulo chathu, mosathamanga, akulemba ndi pensulo kuti polakwika pafufutike. Titafika pa funso la maphunziro, agogo anazolika. Mayiwo anaika pensulo pansi n'kunena kuti, "Agogo, zaka zonse mwayenda m'phirimo ndi maphunziro, tilemba zimenezo." Ndinaona agogo akuwongola msana. Chiyambire kuyenda m'maofesi, aka kanali koyamba munthu kuwayankhula ngati katswiri.

Sanalekere pomwepo. Anatulutsa ndondomeko ya dziko yokhudza zokopa alendo n'kutisonyeza pamene pakunena za anthu okhala pafupi ndi malo okopa alendo. Anatifotokozeranso za zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zimene mayiko 193 anagwirizana ku United Nations mu 2015, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Ife tinkangozimva pa wailesi, tikumayesa ndi za anthu a masuti. Sitinkadziwa kuti pa cholinga cha nambala 8 pali ndime 8.9 imene imalimbikitsa mayiko kukonza zokopa alendo kuti zibweretse ntchito ndi kukweza chikhalidwe ndi katundu wa eni dera. Kunena kwina, ndimeyo imanena za ife ndi amayi athu oluka madengu. Anatchulanso cholinga cha nambala 12, chimene chimafuna kuti phindu la zokopa alendo lizilondolozedwa, ndipo anatilangiza kuti tizisunga kaundula wa alendo amene tawaperekeza ndi zimene agula. Kope tinagula tsiku lomwelo.

Zotsatira zake sindingazilondoloze bwino, mapepala anangoyenda m'zipinda zanuzo. Chimene ndikudziwa n'chakuti madzulo ena foni inalira, ali mayi aja, kutiuza kuti tisavutike kubwera kudzafunsa, adzatiimbiranso zikatheka. Anaimbadi. Sanapemphe kanthu, ndipo titafuna kuwathokoza ndi kangachepe anakana mwaulemu, nati ndi ntchito yawo.

Bwana, m'maofesi ena aja zithunzi za zolinga 17 zapachikidwa pakhoma, zamitundumitundu, koma amene akhala pansi pake ndi omwewo otiuza kuti bwerani mawa. Chaka cha 2030 sichili kutali, ndipo achinyamata ambiri amene akanakhala operekeza alendo akali pamzere. Ndikupempha kuti mayiwa muwathokoze pamaso pa anzawo, ndipo mukamatumiza anthu kokaphunzitsa ena kalandiridwe ka anthu akumudzi, musawaiwale. Awiri mwa anyamata amene anabwerera ku makala afunsa kale ngati tingawalembenso m'gulu, ndipo tavomera. Mwezi wamawa kubweranso gulu la amayi oluka ochokera mudzi woyandikana nafe, ndipo ndawauza kale khomo loti akagogode.

Ndine wanu wothokoza,
Wapampando wa gulu la operekeza alendo