Chimbudzi pamutu pa chitsime ku Chikanda

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za bambo wina wa nyumba za lendi kwathu kuno ku Chikanda. Sabata yatha bamboyu wakumbitsa chimbudzi cha malendi ake pafupi ndi chitsime chomwe tonse timathawirako mipopi ikauma. Ndinayeza ndekha ndi miyendo yangayi: mapazi 12 basi, ndipo chili kumtunda kwa chitsimecho. Titapita amayi atatu kukawafunsa, anatiyankha ali chikhalire pa mpando kuti dothi limasefa lokha madzi, ndipo malowo ndi awo. Zikomo adokotala, sitinadziwe kuti Chikanda ali ndi katswiri wotere.

Alangizi a zaumoyo akhala akutiuza mpaka mawu kusasa kuti chimbudzi chizitalikira mamita 30 kuchokera pa chitsime, ndipo chizikhala kumunsi. Tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi timachokera m'zoipa za munthu, ndipo mvula ikangotsika kuphiriku madzi a pansi amakwera n'kusakaniza zonse. Madziwo mu ndowa amaoneka mbee, koma diso silingaone kanthu. Kodi bamboyu anali kunja kwa dziko mu 2022, pomwe kolera inayambira kwa anansi athu ku Machinga n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika mu 2023?

Atiuza kuti tiziwiritsa madzi. Makala ake atigulira ndani? Ine ndimathira WaterGuard, kachivindikiro kamodzi mu malita 20, n'kudikira mphindi 30, koma mwana wochokera kumpira sadikira mphindi 30. Amangotunga ndi chikho n'kugugudiza.

Ndipo si bamboyu yekha. Imani pa mlatho wa Likangala muone matewera a ana ndi zinyalala za mumsika zikuyandama. Kumunsi anthu akuchapa ndi kutsuka mbale momwemo, kenako zonsezo zikathera m'nyanja ya Chilwa komwe asodzi a pa zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, amamwa madzi omwewo. Tauni yomwe inali likulu la dziko!

Akuluakulu a zaumoyo ndi mafumu athu, bwerani ndi chingwe choyezera mvula isanayambe. Dzenjelo likwiriridwe, mwini wake alipire chindapusa, ndipo klorini ayambe kugawidwa pa zitsime mwezi uno, osadikira kuti matenti a odwala ayambe amangidwa kaye.

Mayi wokhudzidwa,
Chikanda, Zomba