Munawadula pakamwa agogo a pa HMS Sheffield chifukwa cha nsima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe zidachitika Lamulungu lachikumbutso cha asilikali, pa msonkhano wathu wa Amalawi okhala kummwera kwa England. Amene adalipo akudziwa kale. Ine mpaka lero mtima ukundiwawa.

Ndimasamalira okalamba ku Portsmouth. Pali agogo ena amene ndimawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala m'mawa uliwonse. Iwowa adali msilikali wa pamadzi pa HMS Sheffield, sitima yankhondo ya mtundu wa destroyer imene idaphulitsidwa ndi mzinga wa Exocet pa 4 Meyi 1982, pa nkhondo ya pakati pa Britain ndi Argentina yolimbirana zilumba za Falklands. Anthu 20 adafera momwemo. Zidanditengera miyezi kuwanyengerera kuti adzatiyankhule, pakuti nkhaniyi sakamba ngakhale kwa ana awo. Tsikulo adapukuta okha mendulo yawo, manja akunjenjemera, ine nkuwakankha pa njinga mpaka mu holo.

Adali atangofika pakatikati pa nkhani. Ankafotokoza kuti mzingawo udang'amba paipi yaikulu ya madzi ozimitsira moto, anyamata nkumatunga madzi m'nyanja ndi zidebe, utsi wakuda uli tolotolo m'makonde, chitsulo chopondapo chikuotcha mpaka kudutsa nsapato. Adalimbana nawo motowo maola angapo, kenako Kaputeni Sam Salt adalamula kuti onse achoke, ambiri nkudumphira pa sitima ina, HMS Arrow, yomwe idaima pambali pawo. Agogowo adayamba kutchula anzawo amene adatsalira m'khitchini ya sitimayo. Pomwepo woyendetsa mwambo adadzuka nkuwalanda maikolofoni, ati nsima ikuzizira komanso pali zolengeza za zopereka.

Nsima! Bambo inu, nsima yozizira idaphapo ndani? Zolengeza zanuzo zidatenga theka la ola, mpaka kuwerenga mayina a omwe sadamalize ndalama ya yunifolomu ya kwaya, koma mayina a anthu opsa ndi moto mudalibe nawo mphindi ziwiri. Nanga abusa ndi akuluakulu a komiti, mudali phee pamipando yakutsogolo, Levitiko 19:32 simuidziwa, yonena za kulemekeza aimvi? Kodi kwathu munthu wamkulu timamudula pakamwa akulira maliro?

Pobwerera sadayankhule kanthu. Madzulo ndidapeza mendulo ija ili m'thumba la jekete, osati m'kabokosi kake.

Komatu khalidweli tidachoka nalo kumudzi. Azigogo athu a King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, adakamenya nkhondo ku Burma mu 1944, ndipo ambiri adapita kumanda popanda wowafunsa zomwe adaona kumeneko. Timawakumbukira mu Novembala basi, nkhata za maluwa pa chipilala cha ku Zomba, zithunzi, kenako aliyense kwawo. Ngakhale amene adakatumikira ku Mozambique ndi ku DRC, ndani adakhala nawo pansi nkulemba zawo?

A komiti, lembani kalata yopepesa sabata ino, ndidzakapereka ndekha. Ndipo ngati angalole kubweranso, wachinyamata mmodzi adzabwere ndi foni awajambule mpaka amalize okha, chakudya chidikire.

Wokhumudwa,
Portsmouth