Zikomo potidzutsira makompyuta a ku labu

Kwa Akulu a Nthambi Yokonza Makompyuta,

Bwana,

Ife a komiti yoyang'anira labu ya makompyuta pa sukulu yathu ya sekondale kuno ku Dedza tikuthokoza ntchito imene amisiri anu anagwira pa makina amene anakana kuyaka atawonjezeredwa memori (RAM, kachipangizo kamene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo). Makinawa ndi akale, ogwiritsa ntchito memori ya mtundu wa DDR3, ndipo cholinga chinali kuwachotsa pa 2GB kuti afike pa 4GB kapena 8GB, ana a Fomu 4 aziyeserera bwino mayeso a MSCE asanafike. M'malo mwake ena ankangozunguza fani, sikirini ili bii. Ena ankalira kuti pii, pii, pii. Ena ankayaka pang'ono n'kuzima, n'kuyakanso okha. Panali mawu akuti mabodi, pamene pamalumikizidwa zipangizo zonse za m'kati mwa kompyuta, apsa, tigule atsopano. Amisiri anu sanatigulitse bodi ngakhale imodzi, ndipo chimene tikuyamikira koposa ndi dongosolo limene anatsata mpaka kupeza vuto lenileni la makina aliwonse.

Asanakhudze chilichonse m'kati, ankazula chingwe cha magetsi, n'kudina batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 15 kuti magetsi otsalira athe, kenako n'kugwira chitsulo cha bokosi la kompyuta. Anatikumbutsa kuti nyengo yozizira ya kuno, mpweya uli wouma ndipo aliyense wavala juzi, magetsi a m'thupi amachuluka, ndipo kuthetheka kosaoneka n'komwe kumatha kupha memori. Akatero ankachotsa memori yatsopano yonse n'kubwezeramo yakale yokha. Kompyuta ikayaka, nkhani ya bodi yopsa yatha pomwepo.

Makina angapo vuto lake linali laling'ono: memori sinakhale pansi. Poiyang'ana imaoneka ngati yalowa, koma kotsekera ka mbali imodzi sikanatseke, ndipo mano agolide ankaonekera pang'ono pamwamba pa siloti, mpata umene memori imalowamo. Mmisiri wanu ankatsuka siloti ndi kabulashi kofewa, chifukwa siloti imene yakhala yopanda kanthu kwa zaka imadzaza fumbi, n'kupukuta mano a memoriyo ndi kansalu konyowetsedwa ndi spiriti yotsukira ya isopropyl, kenako n'kukanikiza ndi zala ziwiri kumapeto onse awiri mpaka zotsekera zitalira zokha. Ankayesa memori imodzi, mu siloti imodzi, n'kuyatsa. Tikuona kuti apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amalowetsa zonse pamodzi, ndiye sadziwa ngati yolakwa ndi memori kapena siloti.

Phunziro lalikulu linali pa kapepala komatidwa pa memori, kamene anthu ambiri amangowerengapo 4GB basi. Zina mwa zimene zinagulidwa za kaunjika zinalembedwa PC3-12800R. Chilembo R chimenecho chimasonyeza memori ya maseva (makompyuta akuluakulu otumikira makompyuta ena), imene imalowa bwinobwino mu siloti ya DDR3 ya kompyuta wamba, koma kompyutayo siyaka nayo. Yofunika pa makina athu ndi yothera ndi U, monga PC3-12800U kapena PC3-10600U. Pa makina akale kwambiri, a mabodi a mtundu wa Intel G41, panali vuto lina lobisika. Memori ya 4GB yolembedwa 1Rx8 ili ndi timachipu tochepa koma tonyamula zambiri kalikonse, ndipo bodi zotere sizitha kutiwerenga. Zimafuna ya 2Rx8, imene nthawi zambiri imakhala ndi timachipu mbali zonse ziwiri. Memoriyo ndi yabwinobwino, kungoti yalowa m'nyumba ya eni. Amisiri anu anangoisamutsira m'makina atsopanoko pang'ono, ndipo inagwira ntchito. Ndalama zimene zikanatayika zinapulumuka chifukwa cha kuwerenga mzere umodzi.

Laputopu ya mu ofesi nayo inali ndi yake. Ndi ya Intel ya m'badwo wachinayi, imene imafuna DDR3L ya 1.35V, yolembedwa PC3L, pomwe inali italandira DDR3 wamba ya 1.5V. Kukula n'kofanana, mano 204 onse, koma siyaka. Anatichenjezanso kuti memori ya mtundu watsopanoko wa DDR4 ya desikitopu ili ndi mano 288 pomwe DDR3 ili ndi 240, ndipo kampata kake kali pamalo osiyana. Memori ikakana kulowa, osaikakamiza.

Makina amene ankayaka n'kuzima anawachiritsa pobwezeretsa pa chiyambi BIOS, pulogalamu ya pa bodi imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa. Ankachotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zochepa, chingwe cha magetsi chili chozula, kuti bodi iiwale liwiro la memori yakale. Timabatire tina atatiyeza tinapezeka kuti tatsika kwambiri pansi pa 3V, ndipo anatisintha. Apa anatisonyeza msampha umene sitidzauiwala: BIOS ikabwerera pa chiyambi, tsiku ndi nthawi zimasokonekera, ndipo nthawi zina kasankhidwe ka SATA, konena mmene bodi imalankhulirana ndi hadidisiki, kamachoka pa AHCI n'kupita pa IDE kapena RAID. Zikatero Windows imakana kutsegula, imangoonetsa sikirini ya buluu, munthu n'kuganiza kuti hadidisiki yafa, mwinanso n'kuifufuta, ntchito za ana n'kupita. Chonsecho mankhwala ake ndi kungobwezera kasankhidwe kamodzi kaja. Anatiuzanso kuti pa kuyatsa koyamba tizidikira mphindi imodzi kapena ziwiri, poti bodi imayamba yayesa memori yatsopano isanaonetse kanthu.

Panali makina awiri amene ankayaka bwino koma Windows n'kumagwiritsa ntchito pafupifupi 3GB yokha pa 8GB. Amenewo anali ndi Windows ya 32-bit, imene siidutsa malire a 4GB, ndipo anaikamo ya 64-bit atasunga kaye mafayilo.

Kuyaka kokha sikunawakhutiritse amisiri anu, ndipo ife tikugwirizana nawo. Memori yodwala imatha kuyatsa kompyuta m'mawa, masana n'kuzimitsa mwana ali pakati pa ntchito. Makina aliwonse anawayeza ndi pulogalamu yoyeza memori ya MemTest86 kuchokera pa flashi, atawalumikiza ku UPS, batire yosunga magetsi, kuti magetsi akazima mayesowo asadukire panjira. Lamulo lawo linali lakuti cholakwika chimodzi n'chokwanira kuti memoriyo ichotsedwe. Zimene zinalephera anazilemba chizindikiro n'kuziika padera. Pa makina a masiloti anayi anaika memori ziwiri zofanana m'masiloti a utoto wofanana kuti zigwire ntchito limodzi, ndipo m'kati mwa chivindikiro cha bokosi lililonse anamatamo kapepala konena mtundu wa memori yoyenera ndi malire a bodiyo.

Chonde mutifikitsire kuthokoza kwathu kwa amisiri amene anabwera. Mayina awo ali pa fomu ya ntchito imene tinasainira. Tikupemphanso kuti mutitumizire mtengo wa memori za 4GB za PC3-10600U 2Rx8 za makina a G41 amene akadali pa 2GB, komanso wa timabatire ta CR2032 tosungira, kuti komiti ikambirane teremu ikubwerayi isanayambe.

Ndife anu,

A komiti ya labu ya makompyuta
Dedza