Nkhani zathu zisafere m'mafoni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga amene timalemba nkhani za Chichewa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, makamaka aja amalemba koma osatulutsa. Ine ndine mphunzitsi wa sitandade 6 kuno ku Ntcheu. Madzulo ndikatha kuchonga makope ndimalemba nkhani zopeka, n'kumazitulutsa gawo ndi gawo Lachisanu lililonse.

M'gulu lathu muli mayi ena ogulitsa kaunjika amene amalemba kutiposa tonsefe. Akamafotokoza mkangano wa mtengwa ndi apongozi ake umachita kuiwala kuti ukuwerenga pafoni. Koma nkhani zawo ankangotumizira anthu awiri atatu, n'kuwonjezera kuti, "Musaonetse munthu, sindinamalize kukonza." Tikawayamikira ankati tikungowasangalatsa. Ina itatuluka anthu n'kuikonda, anati unali mwayi chabe, ndipo tsiku lina owerenga adzatulukira kuti iwo sanafike fomu 4. Chaka chatha foni ija inabedwa m'minibasi, nkhani zonse zinapita nayo. Paja akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ena angaganize kuti mayiwa akanakhala ndi satifiketi mantha akanatha. Sindikukhulupirira. Mu 1978 akatswiri awiri a zamaganizo ku America, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za amayi oposa 150 ochita bwino pa maphunziro ndi pantchito, ena mwa iwo aphunzitsi a kuyunivesite. Amayiwo ankadziona ngati achinyengo. Ankati anafika pamene analipo chifukwa cha mwayi, kapena chifukwa wina analakwitsa powasankha, ndipo ankangodikira tsiku logwidwa. Ndi mawu omwewo amene ndimamva kwa mayi a kaunjika aja. Kukonza kosatha kumachokera pomwepo: munthu amaganiza kuti akasalaza chiganizo chilichonse palibe amene adzamugwire, ndiye amasalaza mpaka chaka kutha.

Kwathu kuno pali china chowonjezera. Ambirife tinakulira m'sukulu zimene ukayankhula Chichewa pabwalo amakulemba dzina, n'kukatchetcha udzu. Tinakula tikuganiza kuti mlembi weniweni ndi wolemba Chingerezi. Ukati ulembe Chichewa chomwecho, kumbuyo kwa mutu kumabweranso cholembera chofiira cha aphunzitsi. Cholembera chimenecho ndimachigwira tsiku ndi tsiku, ndipo ndikukuuzani kuti ntchito yake ndi ya m'kalasi, pokonzekeretsa ana mayeso. Sichinapangidwe kuti chizitseka pakamwa munthu wamkulu wa ana anayi.

Komanso tiyeni tinene zoona pa nkhani ya kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, linawakonza mu 1980, n'kuwakonzanso mu 1990. Bungwelo litatha, ntchito inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Ngakhale zili choncho, mukatenga nyuzipepala, Baibulo ndi buku lasukulu n'kuziika pamodzi, mupeza kuti sizilemba mofanana. Wina ayika kachipewa pa w, wina ayi. Anzathu a ku Chipata nawo ali ndi kalembedwe kawo. Ngati akatswiri olipidwa anafunika kubwereza kangapo, ife a pafoni yosweka galasi tikudzifunira chiyani? Malamulowo tiwaphunzire ndithu, ine ndimawaphunzitsa, koma munthu amawaphunzira akulemba.

Zimene ndimachita ine n'zapafupi. Ndimayamba kulemba m'kope, chifukwa magetsi akathima kope silizima, ndiponso mbala sizilifuna. Kenako ndimawerengera mlamu wanga mokweza akusenda mbatata. Pamene lilime langa lapunthwa ndimakonza. Akasiya mpeni n'kufunsa kuti, "Ndiye zinatha bwanji, alamu?" ndimadziwa kuti gawolo lapsa. Ndimalitayipa, n'kuliwerenga kawiri, basi. Kachitatu sindilola, chifukwa pamenepo m'pamene ndimayamba kusintha mawu abwinobwino. Kulonjeza owerenga tsiku kumathandizanso kwambiri. Lachisanu likakwana amayamba okha kufunsa, ndipo manyazi osatulutsa amaposa manyazi otulutsa. Chilembo chikasowa ndimachikonza Loweruka m'mawa. Mwayi umenewu inu a nyuzipepala mulibe, pepala likasindikizidwa lapita, komabe simunasiyepo kutulutsa.

Pali malo amodzi pamene ndimafuna munthu akhale wovuta zedi, osadzikhululukira: akamalemba za munthu weniweni. Dzina, tsiku, ndalama, mlandu, izi zitsimikizireni musanadine. Mbiri ya munthu ikaipa pa intaneti siikonzeka Loweruka m'mawa, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 latengerapo kale anthu kupolisi chifukwa cha zimene analemba. Chodabwitsa n'chakuti amene amaopa kutulutsa ndi olemba nthano osalakwira munthu, pamene ofalitsa mabodza alibe mantha ngakhale pang'ono.

Kwa inu okonda kukonza anzanu pagulu, amene munthu akalemba nkhani yamasamba atatu inu mumangoonapo chilembo chimodzi chosowa, chonde lowani ku inbox. Mlembi watsopano akasekedwa pagulu kamodzi amakhala miyezi osalembanso, ndipo amene amaluza ndi ife owerenga.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'lakuti mutipatseko kakona kakang'ono m'nyuzipepala muno, ngakhale kamodzi pamwezi, koikapo nkhani imodzi yochokera kwa olemba a pa intaneti. Muikonze monga mumakonzera zonse, ndipo mumuuze mwini wake zimene mwasintha ndi chifukwa chake. Ambirife sitinaonepo mkonzi akugwira ntchito, timangoganiza kuti atolankhani anu amalemba kamodzi n'kukhoza. Mukavomera, nkhani yoyamba ndikatola kwa mayi a kaunjika aja, ngakhale ndikudziwa kuti ndikachita kulimbana nawo.

Mphunzitsi wolemba nthano,
Ntcheu