Luso la oyendetsa makina m'mafakitale lilembedwe pa satifiketi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya ife amene timayendetsa makina m'mafakitale, omwe kuntchito amangotitchula kuti maopareta. Ndagwira ntchitoyi kwa zaka 14 m'mafakitale atatu opanga ziwiya za pulasitiki mumzinda wa Blantyre, ndipo kulikonse kumene ndinapita ndinalandiridwa ngati munthu amene sanaonepo makina chibadwire, chifukwa ndinalibe pepala lililonse lochitira umboni zimene manja anga amadziwa.

Anthu ambiri akamationa tikulowa pageti m'mamawa ku Makata, ku Chirimba kapena ku Kanengo amaganiza kuti ntchito yathu ndi yongodina batani kenaka n'kumadikira kuti chidebe chigwe. Ndikufuna awerengi adziwe zimene zimachitika chidebecho chisanagwe. Pulasitiki imabwera m'matumba ili timibulu tonga mpunga. Timibuluto timalowa mumpope wachitsulo wotenthedwa kupitirira madigiri 200, ndipo mkati mwa mpopewo muli chitsulo chozungulira chimene chimatisungunula n'kukankhira phalalo m'chikombole. Madzi ozizira amayenda m'mbali mwa chikombolecho kuti chidebe chiume chisanatuluke. Kutentha kukachepa pang'ono, kapena mphamvu yokankhira ikakhala yosakwanira, chidebe chimatuluka choperewera mlomo. Mphamvuyo ikachuluka, pulasitiki imasefukira m'mphepete mwa chikombole. Madzi akafunda, chidebe chimapindika chikangotuluka. Wopareta wozolowera amazindikira vuto mwa kungoyang'ana kuwala kwa chidebe kapena kumva kusintha kwa kulira kwa makina, ndipo amalikonza asanawononge thumba lathunthu. Palibe buku limene linandiphunzitsa zimenezi.

Luso limeneli limaonekera bwino magetsi akazima. Chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale, dziko linataya mphamvu ya magetsi yokwana mamegawati pafupifupi 130, ndipo m'mafakitale tinakhala miyezi yambiri tikugwira ntchito modukizadukiza. Makina akaima mwadzidzidzi, pulasitiki imaumira mumpope muja. Magetsi akabwerera, munthu wosadziwa amathamangira kuyatsa zonse nthawi imodzi pofuna kusangalatsa kapitawo, ndipo chitsulo chozungulira chija chikakankha pulasitiki yolimba chikhoza kuthyoka. Chitsulocho sichigulitsidwa ku Limbe. Chimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, makina ali chiimire. Wodziwa ntchito amayamba watenthetsa mpope, amadikira kuti kutentha kulowerere mpaka mkati, amatulutsa pulasitiki yopsa, kenaka ndiye amayambiranso kuumba. Kudikira kumeneku munthu wongodutsa angakuone ngati ulesi, koma ndi kumene kumapulumutsa chuma cha kampani.

Tsono kodi luso limeneli timalipeza bwanji? Ambirife tinayamba ngati aganyu, onyamula matumba ndi osenga zotsalira m'mphepete mwa mabeseni. Ine anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene ankandiimika pambali pake pa shifiti ya usiku, pamene akuluakulu kulibe, n'kumandifunsa kuti ndinene chimene chalakwika pa beseni iwo asanakhudze kalikonse. Patatha zaka ziwiri ndinapatsidwa makina anga. Komatu pa pepala la malipiro dzina la ntchito yanga silinasinthe, ndipo pamene ndinkachoka, kalata imene anandilembera inangonena tsiku limene ndinayamba ndi tsiku limene ndinasiya. Kumene ndinapitako anandiyambitsanso pa malipiro otsikitsitsa, ati aone kaye ngati ndimatha. Anaona, koma malipirowo anatenga chaka asanasunthe.

Anzathu okonza magetsi, owotcherera zitsulo ndi amakaniko alibe vuto limeneli. Iwo amachokera kusukulu zaluso monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical College, kapena amalemba mayeso a Trade Test kuyambira Giredi 3 mpaka Giredi 1, ndipo akafika pa kampani yatsopano pepala limawayankhulira. Sindikuwachitira nsanje, pakuti anakhetsera thukuta mapepalawo. Chimene ndikunena n'chakuti amakaniko amaitanidwa makina akafa, pamene wopareta ndi amene amakhala nawo maola 48 pa sabata kuti asafe.

Njira yokonzera zimenezi ilipo kale. Bungwe loona za maphunziro a luso la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1999, limalandira msonkho wa 1 peresenti ya ndalama zonse zimene olemba ntchito amalipira antchito awo, ndipo cholinga cha msonkhowo ndi kutukula maluso. M'malipiro amene amawerengerapo msonkhowo muli athu omwe. Bungweli lilinso ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi ndi kuwapatsa satifiketi. Pempho langa ndi lakuti ndondomeko imeneyi ilowe m'mafakitale mwamphamvu, ndipo mayeso ake azichitikira pa makina enieniwo, popeza sukulu zaluso sizingakwanitse kugula makina amtundu uliwonse amene ali m'makampani. Woyesa abwere pa shifiti, andione ndikusintha chikombole, ndikuyatsa makina ozizira, ndikupeza gwero la vuto limene iye wachita kuikamo dala, kenaka alembe giredi yanga. Chimodzimodzi kwa anzanga oyendetsa makina othira zakumwa m'mabotolo, oluka nsalu, opera ufa, ndi aja ofinya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Ndikudziwa chimene ena mwa olemba ntchito adzanene: wopareta akakhala ndi satifiketi adzafuna malipiro okwera, ndipo akapanda kuwapeza adzathawira kwina. Mfundoyi ndi yoona, sindingaikane. Koma aiyeze ndi mtengo wa katundu wowonongeka. Timibulu ta pulasitiki timachokera kunja, ndipo kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lililonse lopsereza limapweteka kwambiri kuposa kale. Komanso anthu akuchokabe ngakhale panopa. Ena mwa amene ndinagwira nawo ntchito ali m'mafakitale a ku Johannesburg, ena akupalasa kabaza, chifukwa munthu akaona kuti chaka chachisanu n'chimodzimodzi ndi choyamba, amataya mtima.

Nkhaniyi ikukhudzanso chitetezo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa malo a ntchito la chaka cha 1997 limalamula kuti mbali zoopsa za makina zizikhala zotchinga, koma chotchinga chimathandiza pokhapokha pamene woimapo akudziwa chifukwa chake chilipo. Makina oumbira ali ndi chitseko chimene chikatsegulidwa chimaletsa chikombole kutseka, ndipo ndinaonapo mnyamata wa masiku atatu pantchito akumanga kaswitchi ka chitsekocho ndi waya kuti azichotsa mabeseni mofulumira, popeza anauzidwa chiwerengero choti akwanitse koma sanauzidwe kuti chikombolecho chimatseka ndi mphamvu ya matani mazanamazana. Tsikulo tinamuletsa. Pa chigayo chophwanyira zidebe zokanika, chimene chili ndi mipeni yozungulira, mnzathu wina anataya zala ziwiri pofuna kukankha chidutswa chimene chinatsamwa, magetsi asanazimitse. Lamulo la chipukuta misozi la chaka cha 2000 linamuthandiza kupeza kangachepe patapita nthawi. Pakadakhala lamulo lakuti makina ena asaperekedwe kwa munthu amene sanayesedwe, sakadaikidwa pa chigayocho sabata yake yoyamba.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Pokambirana nsanamira imeneyi timamva za magetsi, za misewu, za ngongole ndi za misonkho, ndipo zonsezi n'zofunikadi. Ndikupempha unduna woona za ntchito, bungwe la olemba ntchito la ECAM ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito wa MCTU kuti akakhala pansi limodzi aikepo nkhani ya magiredi a maopareta, ndipo giredi iliyonse ikhale ndi malipiro ake oyambira.

Bambo aja amene anandiphunzitsa anapuma ntchito zaka zinayi zapitazo atayendetsa makina kwa zaka zoposa 25, ndipo pa kalata yawo yomaliza panalembedwa kuti anali wantchito wamba. Mwezi uno akuluakulu a kuntchito andipatsa achinyamata awiri oti ndiwaphunzitse, onse a MSCE. Wina mwa iwo anandifunsa tsiku loyamba lomwe kuti akamaliza kuphunzira adzalandira pepala lanji.

Ine wanu,
Woyendetsa makina,
Ndirande, Blantyre