Agogo anga sanali mamendulo okha

Akonzi,

Zikomo kuti munalembako za imfa ya agogo anga aamuna. Ena sakanavutika n'komwe. Koma ndiloleni ndidandaule pang'ono. Pa mizere isanu imene munawapatsa, inayi inali ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo chithunzi chimene munasankha ndi chija cha mu Novembala, atakhazikidwa pampando, mamendulo ali ndandanda pachifuwa, duwa lofiira lili pajekete. Agogo amene ife tinawaika m'manda anakhala ndi moyo zaka zoposa 100, ndipo yunifomu anaivala zaka zinayi zokha.

Za nkhondozo sindikukana, mwinanso ndiwonjezere zimene munasiya. Analowa Keyala, King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la boma la Britain, ndevu zisanamere. Zaka zolembedwa pachitupa chawo cha usilikali anachita kuyerekeza ndi mzungu wolemba anthu, atangowayang'ana msinkhu. Anakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa, n'kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Mu 1944 anapezeka ali ku Burma, komwe lero ndi Myanmar, m'gulu la 11th East African Division, lomwe linapatsidwa ntchito yopirikitsa asilikali a Japan kutsika chigwa cha Kabaw mvula ya monsoon ili mkati. Malungo ndi matenda a typhus zinali zosayamba m'chigwamo, mpaka asilikali ankachitcha chigwa cha imfa. Misewu inali matope okhaokha, katundu ankachita kuponyedwa ndi ndege. Pofika kumayambiriro kwa Disembala 1944 anali atalanda Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Gulu lalikulu limene iwo anali pansi pake, Fourteenth Army ya General William Slim, limadziwika mpaka lero ngati gulu loiwalika. Ngati mzungu wa m'gululo ankadziona woiwalika, nanga wakuda titi chiyani?

Funsoli si lachabe. Nkhondo itatha mu 1945, ndalama yothokoza imene msilikali wakuda analandira inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a imene analandira mzungu wa udindo womwewo. Ndipo mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe limasamalira manda a anthu ofera kunkhondo, linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pankhondo yoyamba ya padziko lonse, ambiri a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt, sanalembedwe maina pachikumbutso chilichonse. Choncho sindine woti ndinganene kuti lekani kukumbutsa anthu za nkhondo.

Koma zonse ndalemba pamwambazi ndinachita kuwerenga nditakula. Za pakamwa pawo zinali zochepa. Ankatiuza za misundu yomwe ankaichotsa pamwendo ndi ndudu yoyaka, ndi za mapiritsi oteteza malungo amene ankasandutsa munthu wachikasu. Panalinso mnzawo wina yemwe dzina lake ankalitchula, koma nkhani yake sanaimalizepo. Ukafunsa lija funso limene mwana aliyense amafunsa, loti kodi anaphapo munthu, ankangoti, "Kagone iwe, mawa kusukulu."

Mamendulo aja, kuphatikizapo Burma Star, sankakhala malo aulemu. Ankakhala m'kachitini pamodzi ndi singano, mabatani ndi ulusi wakuda. Kachitiniko kankatsegulidwa pafupifupi sabata iliyonse, osati chifukwa cha mamendulo ayi. Agogo ndiwo ankasoka zigamba pamayunifomu athu a sukulu. Ankakhala chowerama, magalasi ali pansonga pa mphuno, ulusi akuunyowetsa ndi malovu. Maso atayamba kuvuta ankaitana mmodzi wa ife kuti awalowetsere ulusi, koma kusokako sankalola wina. Agogo aakazi ankaseka n'kumati Keyala inawabwezera telala m'malo mwa mwamuna. Ankanenanso zoona: misoko yawo inkakhalapobe nsalu yeniyeniyo itatha.

Analera ana asanu ndi awiri, kuwonjezapo atatu a mng'ono wawo amene anamwalira msanga. Tinachita kuuzidwa titakula kuti atatuwo sanali obereka iwo. Sanali munthu wofewa, ndisakunamizeni. Kuchedwa ankadana nako, nsapato yosapolisha inkawapweteka mutu, ndipo bambo anga mpaka lero amati ubwana wawo unali perete. Agogo anasemphanapo ndi mwana wawo woyamba kwa zaka ziwiri osalankhulana. Amene anayamba kugogoda pakhomo pa mnzake anali agogo, chipewa chili m'manja.

Chimene sindingaiwale ndi usiku wa mvula yamphamvu. Ikayamba kulindima pamalata, tulo kwa iwo tinkatha. Ankadzuka ndi tochi n'kuyamba kuyendera zipinda, kuwerenga ana mmodzimmodzi, milomo ikugwedera. Ukadzidzimuka, ankakugwira phazi pamwamba pa bulangete n'kunong'ona kuti, "Gona, ulipo." Ife tinkangoti ndi zochita za nkhalamba. Ndinadzamvetsa tsiku limene ndinawerenga za Kabaw, kuti kumeneko mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa nambala inkapezeka yosakwana.

Agogo aakazi atagwa ndi sitiroko, panali ana aakazi ndi adzukulu okwanira kuwasamala. Agogo aamuna anakana kusiyira ena. Kwa zaka zitatu ankawasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, n'kuwapesa tsitsi, iwonso manja akunjenjemera. Alendo ena ankaona ngati zachilendo. Iwo ankangoyankha kuti munthu sasiya mnzake m'njira. Mtolankhani aliyense amene anabwera ndi kamera sanafunsepo za zimenezi. Ankafunsa za mfuti, n'kupempha kuti agogo apange sawasha, akajambula basi ulendo.

Pempho langa ndi ili, Akonzi. Asilikali a nkhondo yachiwiri amene atsala ndi owerengeka, ndipo wamng'ono pa onsewo ali pafupi ndi zaka 100. Musadikire tsiku la 11 Novembala, lipenga litalira, kuti muwakumbukire. Tumizani mtolankhani wanu tsiku wamba, akakhale nawo mpaka dzuwa lipendeke. Afunse za Burma, inde, koma afunsenso kuti anabwera bwanji kunyumba, tulo ankatipeza bwanji, ana anawalera motani ndi zimene anaziona zili m'mutu. Akacheze ndi ana awo ndi adzukulu, chifukwa mbali ina ya nkhaniyo ili ndi iwo.

Kachitini kaja kali kwa ine tsopano. Abale anagawana mamendulo popanda mkangano, ine ndinapempha singano ndi ulusi. Sabata yatha mvula inagwa usiku wonse, ndipo ndinamva kuyenda pakhonde. Anali bambo anga, zaka 74, tochi ya foni ili m'manja, akusuzumira m'chipinda cha ana anga.

Ndine,
Mdzukulu wa malemu